Kapitawo wa M'kati mwa Selo: Momwe p53 Imaletsera Chotupa Kukula



Munthu akauzidwa kuti chotupa chimene chakhala chikumuvuta ndi khansa, iye ndi abale ake amafunsa kuti, "Kodi yabwera bwanji?" Funsoli ndi loyenera. Koma anthu amene amagwira ntchito ndi maselo tsiku ndi tsiku amadabwa ndi funso lina. Thupi la munthu wamkulu lili ndi maselo pafupifupi 30 thiriliyoni. Tsiku lililonse mabiliyoni a maselowa amafa, ena n'kulowa m'malo mwawo, ndipo selo likamagawikana kuti pakhale awiri, liyenera kukopera DNA yake yonse, zilembo zoposa 3 biliyoni. Kukopera kochuluka chotero sikungathe popanda cholakwika. Onjezanipo dzuwa, utsi, zakudya zoonongeka ndi tizilombo, zonsezi zikukanda DNA yomweyo. Chikhala kuti cholakwika chilichonse chimabala chotupa, palibe mmodzi wa ife akanafika pa msinkhu woyamba sukulu. Nanga zimatheka bwanji kuti ambiri timamera imvi tilibe khansa?

Zotiteteza zilipo zingapo. Lero ndikamba za chimodzi chimene chafufuzidwa kuposa zinzake zonse, puloteni yotchedwa p53.

Mu DNA ya munthu muli majini pafupifupi 20,000 opangira mapuloteni. Jini ndi kachigawo ka DNA kamene kasunga malangizo opangira puloteni inayake, ndipo mapuloteniwo ndiwo amagwira ntchito za m'thupi: ena amanyamula mpweya m'magazi, ena amagaya chakudya, ena amamanga mnofu. Selo la pakhungu ndi selo la m'chiwindi ali ndi majini ofanana ndendende. Amasiyana chifukwa ili layatsa majini awa, ilo layatsa ena. Choncho pali gulu la mapuloteni amene ntchito yawo ndi kuyatsa majini basi. Amakakhala pa DNA, pamalo pawo penipeni, n'kuchititsa kuti jini loyandikana nawo liyambe kuwerengedwa. P53 ili m'gulu limeneli.

Amene munagwirapo ganyu pomanga nyumba mukumudziwa kapitawo. Saumba njerwa, sasakaniza simenti. Koma akaona kuti khoma layamba kupendama, amakuwa kuti ntchito iime. Ngati n'kotheka kuliwongola, amalamula kuti aliwongole. Ngati lapendamira pamaziko, amalamula kuti ligwetsedwe, ngakhale amisiri ang'ung'udze. P53 ndi kapitawo wotere m'kati mwa selo. Siikonza yokha DNA, siipha yokha selo. Imalamula, ndipo majini mazanamazana amamvera.

Mbiri ya kupezeka kwake ndimaikonda chifukwa imaonetsa momwe sayansi imayendera ikakhala yoona mtima. Mu 1979, David Lane ndi Lionel Crawford ku London, komanso Daniel Linzer ndi Arnold Levine ku Princeton m'dziko la America, ankafufuza kachilombo ka anyani kotchedwa SV40, kamene mu labotale kamasandutsa maselo a mbewa kukhala a khansa. Magulu onse awiri, payekhapayekha, anaona kuti puloteni ya kachilomboko inkagwirana zolimba ndi puloteni ina ya selo imene panalibe ankaidziwa. Anaitcha p53 potengera kulemera kumene inkaonetsa pa chipangizo choyezera mapuloteni. Inkapezeka yambiri m'maselo a khansa, yochepa kwambiri m'maselo abwinobwino. Ndiye ofufuza anaganiza zimene aliyense akanaganiza, kuti imeneyi ndi imodzi mwa zoyambitsa khansa. Anatenga jini lake n'kuliika m'maselo abwino, maselowo n'kuyambadi kuchita ngati khansa. Nkhani inaoneka ngati yatha, ndipo kwa zaka pafupifupi 10 mabuku ankanena zimenezo.

Vuto linali lakuti majini amene ankayesera aja anawatenga m'maselo a khansa. Anali olumala kale, koma palibe ankadziwa. Mu 1989 gulu la Levine linaonetsa kuti jini la p53 labwinobwino likaikidwa m'maselo, limawaletsa kusanduka khansa. Chaka chomwecho Suzanne Baker, amene panthawiyo anali wophunzira mu labotale ya Bert Vogelstein ku Johns Hopkins, mumzinda wa Baltimore, ankafufuza chifukwa chimene zotupa zambiri za m'matumbo zimatayira kachigawo ka mtolo wa DNA wotchedwa chromosome 17. Munthu aliyense ali ndi makope awiri a pafupifupi jini lililonse, lina lochokera kwa mayi, lina kwa bambo. Baker anapeza kuti m'zotupa zija kope limodzi la p53 linali litasoweratu, ndipo lotsalalo linali ndi chilembo cholakwika. Chotupa sichingataye chinthu chimene chikuchithandiza kukula. Chimataya chimene chikuchiletsa. Mu 1992 Lane uja anaitcha p53 mlonda wa majini onse, ndipo mu 1993 magazini ya Science inaisankha kukhala molekyulu ya chaka.

Tsopano tilowe m'kati mwa selo, tione momwe imagwirira ntchito, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani.

Selo labwinobwino limapanga p53 nthawi zonse, usana ndi usiku, ndipo limaiphwanyanso nthawi zonse. Ikangopangidwa, puloteni ina yotchedwa MDM2 imaigwira n'kuiika chizindikiro chakuti ikagayidwe, moti pakangopita mphindi zowerengeka theka lake limakhala latha. Munthu angafunse kuti kupanga chinthu n'kumachiononga kuli ndi phindu lanji. Phindu lake ndi changu. Ngozi ikagwa, selo silifunika kuyamba ntchito yatsopano. Limangosiya kuphwanya, p53 n'kuunjikana m'maola ochepa. DNA ikaduka, mapuloteni amene amazindikira kudukako, monga ATM, amaika tizizindikiro pa p53 ndi pa MDM2 kuti ziwirizi zisagwiranenso. Selo likayamba kukankhidwa kuti ligawikane mopitirira muyezo, monga zimachitikira jini lina likalumala n'kumangolamula kukula, puloteni yotchedwa ARF imakagwira MDM2 n'kuitsekereza. Njira n'zosiyana koma mapeto ndi amodzi: p53 yachuluka. Kenako ma p53 anayi amalumikizana n'kukhala chinthu chimodzi, n'kukakhala pa DNA.

Jini loyamba kuyatsidwa nthawi zambiri limakhala la p21, limene Wafik El-Deiry analipeza mu 1993 mu labotale ya Vogelstein yomwe ija. P21 imaimitsa makina amene amayendetsa kugawikana kwa selo. Selo limaima, kupatsa mpata okonza DNA kuti agwire ntchito yawo. Zikakonzeka, p53 imatsika yokha, chifukwa limodzi mwa majini amene imayatsa ndi la MDM2, puloteni yomwe imaiphwanya ija. Ndiye kuti ikamalamula kuti ntchito iime, imakhala yaitananso amene adzaichotse pampando vuto likatha.

Kuonongeka kukakhala kwakukulu, p53 imayatsa majini ena, monga PUMA, NOXA ndi BAX. Mapuloteni ake amaboola tizigawo ta selo timene timapanga mphamvu, ndipo selolo limadziphwanya lokha mwadongosolo, n'kunyala, n'kugawika tizidutswa timene maselo oyandikana nalo amameza. Palibe kutupa, palibe mafinya. Njira yachitatu ndi yakuti selo limakhalabe lamoyo koma silidzagawikananso mpaka kalekale, ndipo limatulutsa zizindikiro zoitana asilikali a m'thupi kuti adzalichotse.

Zimenezi mukhoza kuziona ndi maso. Munthu wa khungu loyera, kapena m'bale wathu wa khungu la chialubino, akapsa ndi dzuwa, pakapita masiku angapo khungu limayamba kufunduka. Mwa maselo amene akuthothokawo muli ambiri amene DNA yawo inaonongeka ndi dzuwa, p53 n'kuwalamula kuti afe. Douglas Brash ndi anzake ku Yale anaonetsa mu 1994 kuti mbewa zopanda p53 zikawombedwa ndi kuwala koteroko, maselo oonongeka ambiri safa. Amatsala pakhungu ndi zilema zawo.

N'chifukwa chiyani p53 ili yofunika kwambiri pa zotupa zolimba, za m'bere, m'matumbo, m'mapapo, kum'mero, m'chiwindi? Chotupa cholimba chili ndi vuto limene khansa ya m'magazi ilibe. Ndi mulu wa maselo opanikizana pamalo amodzi, ndipo amene ali pakati amasowa mpweya ndi chakudya. Judah Folkman wa ku Boston ananena mu 1971 kuti chotupa sichingakule kupitirira milimita imodzi kapena ziwiri chisanadzikokere mitsempha yakeyake ya magazi. Kachotupa kakang'ono chotero sikapha munthu. P53 imaima pakhomo limenelinso. Mu 1994 gulu la Noël Bouck ku Chicago linapeza kuti p53 imakweza puloteni yotchedwa thrombospondin-1, imene imaletsa mitsempha yatsopano kumera. Mu 1996 gulu la Amato Giaccia ku Stanford linaonetsa chinthu choopsa kwambiri. Pakati pa chotupa, pamene mpweya wachepa, maselo amene ali ndi p53 yabwino amafa, koma amene p53 yawo yalumala amapirira. Tangoganizani selo limodzi lolumala pakati pa anzake 1,000. Njala ya mpweya ikapitirira, anzakewo amatha, ilo n'kuchulukana, mpaka chotupa chonse chikhala cha zidzukulu zake. Chotupacho chimachita kusankha chokha maselo ouma mtima kwambiri.

M'matumbo, Vogelstein ndi Eric Fearon anafotokoza mu 1990 kuti khansa imabwera pang'onopang'ono, kwa zaka zambiri. Majini ena amalumala poyamba, kachotupa kosaopsa n'kumera m'kati mwa thumbo. Kangathe kukhala choncho zaka. Kulumala kwa p53 kumabwera mochedwa, ndipo nthawi zambiri ndi pamene kachotupa kaja kamasanduka khansa yolowerera m'minofu n'kufalikira. Ndi chifukwa chake dokotala akachotsa kachotupa koteroko msanga, amakhala wapulumutsa munthu ku khansa imene inali isanabadwe.

Umboni wakuti zonsezi si nkhani ya mu labotale chabe ulipo wambiri. Pafupifupi theka la khansa zonse za anthu zili ndi jini la p53 lolumala, ndipo palibe jini lina limene limapezeka lolumala kawirikawiri chotero. Mu khansa yoopsa kwambiri ya m'thumba la mazira a amayi, zotupa zoposa 95 pa 100 zilizonse zimakhala choncho. Mu khansa ya kum'mero, imene yatenga anthu ambiri kwathu kuno ku Malawi, zotupa zochuluka zedi zili ndi chilema chomwechi. Mu 1992 Lawrence Donehower ndi Allan Bradley ku Texas anabereketsa mbewa zopanda jini la p53. Zinabadwa zooneka bwino, zinkadya, zinkathamanga, koma pofika miyezi 6 zambiri zinali ndi zotupa.

Alipo anthunso amene amabadwa ndi kope limodzi lolumala. Mu 1969 madokotala awiri a ku America, Frederick Li ndi Joseph Fraumeni, anafotokoza za mabanja amene khansa inkawayendera mbadwo ndi mbadwo: mwana ali ndi chotupa cha mumnofu, mayi ake khansa ya m'bere asanakwanitse zaka 30, wachibale wina chotupa cha muubongo. Mu 1990 David Malkin ndi Stephen Friend anapeza kuti gwero lake ndi p53. M'mabanja otere selo lililonse limadalira kope limodzi lokha, ndipo likangolumala limenelo, palibenso woletsa. Pafupifupi mayi aliyense wobadwa ndi chilemachi amadzadwala khansa pa moyo wake. Kum'mwera kwa Brazil kuli chilema china cha jini lomweli chimene chimapezeka mwa mwana mmodzi pa ana pafupifupi 300 obadwa. Ndikutchula zimenezi chifukwa banja likamaika maliro a khansa motsatizana, kwathu kuno chala chimathamangira kuloza agogo ena a m'mudzi. Nthawi zina chimene chikuyenda m'banjamo ndi chilembo chimodzi cha DNA, ndipo Malkin yemweyo, ali ku Toronto, anaonetsa kuti anthu otere akamaunikidwa pafupipafupi zotupa zimapezeka zikadali zazing'ono ndipo ambiri amakhala ndi moyo.

Kalumalidwe ka p53 kali ndi zakezake. Puloteniyi ili ndi timagawo 393 tolumikizana, totchedwa ma amino acid. Nthawi zambiri khansa siichotsa jini lonse. Imangosintha kagawo kamodzi, makamaka pambali imene imagwira DNA, monga pa nambala 175, 248 kapena 273. Puloteni yolumalayo imapangidwabe, koma siitha kukhala pa DNA, choncho siiyatsa MDM2, ndipo popanda MDM2 palibe woiphwanya. Imangounjikana. Apa ndi pamene panasokonezera ofufuza oyamba aja: p53 yambiri imene ankaiona m'maselo a khansa inali yakufa ntchito. Komanso, poti zimagwira ntchito zinayizinayi, yolumala ikalowa m'gulu imafooketsa ndi zabwino zomwe.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi ichi. Zina mwa zinthu zimene zimalumaza p53 zimasiya chidindo chake, moti katswiri akawerenga jinili m'chotupa nthawi zina amatha kuloza chimene chinaliononga. Mu 1996 gulu la Gerd Pfeifer ku California linatenga mankhwala ochokera ku benzo[a]pyrene, amene ali mu utsi wa fodya, n'kuthira pa maselo a m'mapapo. Mankhwalawo anakakamira pa jini la p53 pa nambala 157, 248 ndi 273, malo omwewo amene amapezeka olumala m'khansa ya m'mapapo ya anthu osuta. Dzuwa nalo lili ndi chidindo chake, chimene chimapezeka m'khansa ya pakhungu. Kwa abale athu achialubino, amene khungu lawo lilibe chotchinga cha chilengedwe, chipewa cha khonde, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza ku dzuwa ndi mankhwala enieni, ndipo ayenera kupezeka m'zipatala monga amapezekera mankhwala ena onse.

Chidindo chachitatu chinapezeka kuno kum'mwera kwa Africa. Mu 1991 gulu la Mehmet Ozturk ku Boston, mogwirizana ndi Michael Kew wa ku Johannesburg, linaunika zotupa za m'chiwindi za odwala a m'chigawo chino, kuphatikizapo a ku Mozambique. Gulu lina linaunika zotupa za ku Qidong m'dziko la China. Maiko otalikirana chotero, koma chilema chinali chimodzi: pa nambala 249, chilembo G chasanduka T. Ku Qidong theka la zotupa zimene anaunika linali ndi chilemachi, pamene ku Ulaya ndi ku America sichipezeka wamba. Chimene madera awiriwa ankafanana ndi aflatoxin, poizoni wa chuku chimene chimamera pa mtedza ndi chimanga chosauma bwino. Poizoniyu akafika m'chiwindi amasandulika n'kukakamira pa DNA, ndipo munthu akakhalanso ndi kachilombo ka hepatitis B, ngozi imakula kambirimbiri.

Tiyeni tione zimene zimachitika pakhomo nyengo yokolola. Mtedza wakumbidwa, waunjikidwa pansi pachinyezi. Posenda, ena amauwaza madzi kuti makoko afewe, zala zisapweteke, kenako n'kuuthira m'thumba usanaumenso. Pofika posankha, wonenepa ndi wosalala umapita kumsika. Wofota, wosweka, wakuda m'kati, wowawa ukautafuna, umatsala pa lichero, ndipo umenewo ndi umene umasinjidwa kukhala nsinjiro zothira m'phala la mwana ndi m'ndiwo zotendera. Palibe mayi amene amachita zimenezi mwadala. Ndi kusamala, kusafuna kutaya chakudya. Koma moto wa pamafuwa suupha poizoni ameneyu. Kukazinga kapena kuphika kwa masiku onse sikumuchotsa. Mwana amadya lero, chilembo cha pa 249 n'kudzaonekera ali ndi zaka 30 kapena 40, mimba itatupa, maso atachita chikasu.

Pali njira inanso yothetsera p53 mphamvu popanda kukhudza jini lake, ndipo imeneyi ndi imene ikutipha kwambiri. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya khomo la chiberekero yafala kuposa kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe sali patali. Mukawerenga jini la p53 m'zotupa zimenezi, nthawi zambiri mupeza lili bwinobwino. Chimene chikusowa ndi puloteni yake. Harald zur Hausen wa ku Germany anaonetsa kuti khansayi imayamba ndi kachilombo ka HPV, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2008. Mu 1990 gulu la Peter Howley linapeza momwe kachilomboka kamachitira. Kali ndi puloteni yotchedwa E6 imene imagwira p53 n'kuipereka kuti ikagayidwe, ngakhale DNA itaonongeka chotani. Kachilomboko cholinga chake n'chakuti selo lisafe kasanachulukane. Koma kakakhalitsa zaka zambiri, selo lopanda woliletsa limaunjika zilema mpaka kusanduka khansa. Mitundu iwiri yokha, HPV 16 ndi HPV 18, ndiyo imayambitsa pafupifupi 70 mwa khansa 100 zilizonse za khomo la chiberekero. Mayi amene ali ndi HIV ngozi yake ndi yokulirapo kangapo, chifukwa thupi lake limavutika kuchotsa kachilomboka.

Ophunzira amakonda kufunsa za njovu, ndipo amafunsa bwino. Njovu ili ndi maselo ochuluka kwambiri kuposa munthu ndipo imakhala zaka 60 kapena kuposa. Ikanayenera kudwala khansa kuposa ife, koma sizili choncho. Mu 2015 gulu la Joshua Schiffman ku Utah linafalitsa zoti mwa njovu zakufa zimene zinaunikidwa, zosakwana 5 pa 100 zilizonse ndizo zinafa ndi khansa, ndiponso kuti njovu ya ku Africa ili ndi jini la p53 lobwerezedwa pafupifupi ka 20, pamene munthu ali nalo kamodzi kokha kuchokera kwa kholo lililonse. Atawomba maselo a magazi a njovu ndi cheza choononga DNA, anafa mochuluka pafupifupi kawiri kuposa a munthu. Selo la njovu silichedwa kudzipereka.

Ndiye bwanji osangowonjezera p53 mwa anthu? Chifukwa ikapitirira muyezo imapha. Mu 1995 ofufuza anachotsa jini la MDM2 mu mbewa, ndipo ana ake anafera m'mimba masiku oyambirira. Atachotsa ndi p53 yomwe, ana anabadwa amoyo. Mu 2002 mbewa zina zimene p53 yawo inkangokhala yoyaka zinapewadi khansa, koma zinakalamba msanga, mafupa n'kufooka, misana n'kupindika. Chaka chomwecho gulu la Manuel Serrano ku Spain linapatsa mbewa kope lowonjezera limene linkamverabe MDM2, ndipo mbewa zimenezo zinatetezeka popanda kukalamba msanga. Mphamvu ya p53 ili pa kuyaka nthawi yake ndi kuzima nthawi yake.

Ndisakupatseni chithunzi chakuti zonse zinamveka kale. Mu 2013 gulu la Andreas Strasser ku Melbourne linachotsa p21, PUMA ndi NOXA pamodzi mu mbewa, kutanthauza kuti p53 inatsala yosatha kuimitsa selo kapena kulipha mwa njira zodziwika zija. Mbewazo sizinamere zotupa monga zimamerera zopanda p53. Izi zinaonetsa kuti p53 ili ndi malamulo enanso, okhudza kukonza DNA ndi kadyedwe ka selo, amene nawo amaletsa chotupa. Ophunzira amene muli muno, ntchito idakalipo yokuyembekezerani.

Tifike ku mankhwala. Mu 2007 magulu a Tyler Jacks ndi Scott Lowe ku America anapanga mbewa zimene p53 yawo inkatheka kuzimitsidwa ndi kuyatsidwanso. Anadikira zotupa zikule, kenako anaiyatsa. Zotupa zinafota. M'chiwindi, maselo a khansa anasiya kugawikana, asilikali a m'thupi n'kubwera kudzawachotsa. Ndiye kuti ngakhale chotupa chachikulu chimadalirabe kuti p53 ikhale chete. Komanso mankhwala ambiri a khansa amene tili nawo kale, ngakhale chithandizo chowotcha chotupa ndi cheza, amagwira ntchito poononga DNA kuti selo lidziphe. Khansa ya machende nthawi zambiri imasunga p53 yabwino, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene imachizikira bwino ndi mankhwala a cisplatin ngakhale itafalikira.

Koma kubwezeretsa p53 mwa munthu kwakhala kovuta zedi. Kutseka puloteni imene ikugwira ntchito mopitirira n'kosavuta poyerekeza ndi kudzutsa imene yafa. Mu 2003 dziko la China linavomereza Gendicine, kachilombo kofooketsedwa konyamula jini labwino la p53, kobayira m'zotupa za m'mutu ndi m'khosi, koma maiko ambiri sanakatengere. Mu 2004 Lyubomir Vassilev ndi anzake ku kampani ya Roche anapanga mankhwala otchedwa nutlin, amene amalowa pakati pa MDM2 ndi p53. Amagwira ntchito pokhapokha jini likadali labwino, monga m'zotupa zina za mumnofu zimene zimangochulukitsa MDM2, ndipo amavutitsa mafuta a m'mafupa, magazi n'kutsika, chifukwa p53 imadzukanso m'maselo abwino. Mankhwala ena otchedwa eprenetapopt, amene cholinga chake chinali kuwongola puloteni yopindika, sanakwaniritse chiyembekezo pa kuyesedwa kwakukulu mu 2020. Ena akuyesedwabe, makamaka olunjika pa chilema chimodzi chotchedwa Y220C, koma chilemachi chili m'zotupa zochepa chabe. Papita zaka zoposa 40 chipezekereni p53, ndipo palibe mankhwala oikonza amene dokotala ku Lilongwe, ku London kapena ku New York angalembere wodwala wamba.

Maganizo anga pa zimenezi ndi awa. Kafukufuku wa mankhwala apitirire, ndipo ndikulakalaka ena mwa inu mudzakhale nawo m'gulu limenelo. Koma dziko losauka lisakhale pansi kudikira mankhwala okonza p53 pamene lili ndi njira zotsika mtengo zoitetezera isanaonongeke. Zinthu zinayi zimene ndatchula, fodya, dzuwa, chuku ndi HPV, si zongoganizira. Zinagwidwa ndi umboni wolembedwa m'jini lenilenilo kapena pa puloteni yake. Katemera wa hepatitis B ali m'gulu la akatemera a ana ku Malawi kuyambira 2002. Katemera wa HPV anayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019. Mtsikana akalandira katemerayu asanakumane ndi kachilomboka, E6 ya mitundu yoopsa ija siidzafika m'maselo ake, ndipo p53 yake idzatsala pa ntchito. Mphekesera yakuti katemerayu amatseketsa kubereka ndi yabodza, ndipo amene amaifalitsa akuika ana a eni pangozi ya imfa yowawa kwambiri.

Kwa amayi amene msinkhu wa katemera unawadutsa, mpata ulipobe, chifukwa kuchokera pamene kachilombo kalowa kufika pamene khansa yayamba pamapita zaka 10 kapena kuposa. Namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, n'kudikira mphindi imodzi. Pamene maselo ayamba kusintha pamayera, ndipo m'zipatala zambiri amatha kupawotcha kapena kupaziziritsa tsiku lomwelo, mayi n'kubwerera kwawo ndi miyendo yake.

Choncho ndikupempheni. Aphunzitsi, tsiku la katemera likafika pasukulu panu, itanani makolo muwafotokozere zimene mwamva lero, osangotumiza kalata. Abambo, mayi a kunyumba akanena kuti akupita kukayezetsa, apatseni ya thiransipoti, musawafunse zambiri. Alangizi a zaulimi, nkhani ya chuku muziikamba ngati nkhani ya chiwindi cha mwana, osati ya mtengo wa kumsika wokha. Ndipo inu nonse amene mudzasende mtedza chaka chino, uumitseni bwino, musauwaze madzi, ndipo wofota ndi wakuda uja mutaye, musaupatse mwana.